Ma pub aku UK akukanizadi asilikali kulowa, kapena ndi manyuzipepala akukokomeza?

MaiAwiri_Luton
Abale ndithandizeni. Alamu anga ku Area 25 anditumizira screenshot pa WhatsApp, mutu wa nkhani zilembo zikuluzikulu woti pub ina kuno yathamangitsa asilikali chifukwa cha yunifomu. Nde mwana wawo wamwamuna ali mkati mofunsira ntchito ku British Army, iwo mtima uli m'mwamba akuti mwanayo asapite kudziko loti anthu ake amadana ndi asilikali awo omwe. Ine pub sindilowa, ndine wa Mvano kkkk, nde ndikusowa chowayankha. Screenshot yake ilibe deti, ilibe dzina la nyuzipepala, mutu ndi chithunzi basi. Inu oyenda usiku, zimachitikadi izi?

Thobwa265
Nkhani yopanda deti imeneyo itayeni mayi. Mwina ndi ya 2012 ikungozungulirabe

MlondaWaUsiku
Zimachitika, ine ndisanamizepo. Ndagwirapo ntchito yapakhomo, beji ya SIA (laisensi ya alonda kuno) pankono, mtauni ina yoyandikana ndi balaki, ndipo ndabwezapo asilikali ndi pakamwa pangapa. Koma mvetsani mmene zimakhalira. Lachisanu la malipiro, anyamata gulu lonse afika nthawi imodzi, onse ometa chimodzimodzi, ayambira kale kumwa kubalaki komwe mowa ndi otchipa, akuyimba asanalowe. Manijala anatiuza kale kuti gulu lalikulu la amuna okhaokha lisalowe, kaya ndi a mpira, kaya ndi aja operekeza mzawo amene akukwatira, kaya ndi asilikali. Ndiye iwe ukawabweza mmodzi amatulutsa foni kujambula, mawa lake uli pa Facebook ngati munthu odana ndi ma hero. Palibe amalemba zoti sabata yapitayo tinakolopa magazi pansi ndipo mtsikana wapabala anasokedwa pachipumi atagendedwa ndi tambula.

ExKhaki_Tidworth
@MlondaWaUsiku achimwene ndakumvani koma mwangofotokoza mbali yanu. Ine ndinavalapo yunifomuyo. Tinabwezedwapo tili awiri, masana dzuwa likuswa mtengo, titavala zathu za wamba, osamwa ngakhale dontho. Wapakhomo anangoona chiphaso cha usilikali mu waleti ndikunena kuti anthu anu sitilandira kuno. Gulu lake liti pamenepo? Mzangayo anali atangobwera kuchokera kunkhondo ku Helmand, Afghanistan, sanayankhe kanthu tinangotembenuka.

MlondaWaUsiku
Zimenezo nzolakwika, sindingaikire kumbuyo. Koma ndikutsimikizireni malo amenewo anaswedwapo mawindo ndi anzanu ena kale

ExKhaki_Tidworth
Nde ndilipire ine windo lomwe anaswa wa regiment ina ine ndisanabwere nkomwe?

Kondowole
kkkkk mwayambana kale anthu inu, mowa wake usanagulidwe

Inki_ndi_Pepala
Ndiyankhe motalika pang'ono poti ndinaphunzira za utolankhani ndipo nkhani zimenezi ndimazitsata. Zoona zake nzoti milandu yeniyeni ilipo. Mu 2008 hotelo ina ku Woking inakana kupereka chipinda kwa msilikali amene anavulala ku Afghanistan, atangoonetsa chiphaso chake cha usilikali, mpaka munthu anagona mgalimoto. Eni hoteloyo anapepesa nkunena kuti wapa desiki analakwitsa, komanso anati anali atavutanapo ndi asilikali a balaki yapafupi. Mu June 2012 bala ina ku Coventry inabweza asilikali ovala yunifomu amene amangofuna chakumwa chotentha, anthu oti anabwera kudzanyamula bokosi la mzawo ophedwa ku Afghanistan, ndipo mmodzi mwa iwo anali mchimwene wake wa malemuyo. Mwini bala anapepesa, anthu pa Facebook anamemana kuti asamagulenso pamenepo. Izi palibe anapeka. Ndipo chaka chomwecho kafukufuku wa Lord Ashcroft anapeza kuti pafupifupi msilikali mmodzi mwa asanu aliwonse anati anakanizidwapo thandizo mu pub, hotelo kapena malo ena.

Koma tsono taonani mbali inayi. Mu October 2006 The Sun inalemba patsamba kuti Asilamu awononga nyumba ina kufupi ndi Windsor pofuna kuthamangitsa asilikali amene amafuna kuchita lendi pamenepo. Dziko lonse linakwiya. January 2007 nyuzipepala yomweyo inalemba timizere tochepa kuvomera kuti apolisi sanapeze kuti anachita zimenezo ndi a chipembedzo chiti. Ndani anawerenga timizereto? Mutu uja anthu akuukumbukirabe, kukonza kwake kunapita ndi mphepo. Ndiye vuto la screenshot ya alamu anuwo @MaiAwiri_Luton ndilakuti sitingadziwe ngati ili mtundu wa ku Coventry kapena mtundu wa ku Windsor.

Thobwa265
Onjezanipo ija ya 2017 ya Wetherspoon, kampani ya ma pub ambiri. Akaunti yabodza pa Twitter inalemba kuti antchito awo aletsedwa kuvala poppy, anthu kutukwana kulumbira kuti sadzapondanso, kampani kukana mpaka kutopa. Ineyo ndinaimva kwa mzungu wina kuntchito akuinena ndi mtima onse patapita zaka

GogoWaSalima
Poppy nchiyaninso ana inu

Thobwa265
Kaduwa kofiira kapepala agogo, amavala pachifuwa mwezi wa November pokumbukira omwe anafera kunkhondo. Kwathunso akuluakulu amavala tsiku lija amakaika nkhata pachipilala cha asilikali

LoyaWosamaliza
Kumbali ya malamulo, poti ena akuganiza kuti mwini pub akabweza msilikali ndiye kuti wapalamula. Ayi. Ku England mwini malo omwera ali ndi ufulu okana kugulitsa kwa munthu aliyense, sakakamizidwanso kupereka chifukwa, bola asamusale pa zinthu zomwe Equality Act ya 2010 inateteza. Zinthuzo zilipo 9: zaka, ulumali, mtundu kapena khungu, chipembedzo, kukhala mwamuna kapena mkazi, uyembekezera ndi zina. Ntchito ya munthu mulibemo. Ndiye akakubweza chifukwa ndiwe wakuda umutengera kukhoti, akakubweza chifukwa ndiwe msilikali kapena pulambala palibe mlandu. MP wina wa Labour, Thomas Docherty, anayesapo kubweretsa bilu yoletsa kusala asilikali koma sinadutse. Komanso Licensing Act ya 2003 imati ndi mlandu kugulitsa mowa kwa munthu oledzera kale, nde wapabala nthawi zina amakana poteteza laisensi osati chifukwa cha chidani.

Kondowole
Loya wosamaliza koma ma Act kuloweza chonchi, munalekeranji sukulu akulu

LoyaWosamaliza
Fizi amwene, fizi

Nasibeko_Coventry
Ine ndimakhala konkuno ku Coventry ndipo ya 2012 ija ndikuikumbukira bwino, mwambo wamaliro unali ku cathedral. Chomwe chinandiwawa ine sichoti ndi asilikali ayi. Ndi choti anali anthu a pamaliro. Kwathu munthu onyamula chitanda ngakhale ukhale unayambana naye dzulo umampatsa madzi, nde apa tiyi weniweni ogula ndi ndalama zawo nkuwakaniza eti lamulo la nyumba. Wantchito yemwe anawabwezayo mwina amangoopa bwana wake, ndikumvetsa, tonse timagwira ntchito za anthu kuno ndipo timadziwa mmene manijala amakhalira. Koma pali nthawi yoti munthu umaika lamulo pambali kaye nkufunsa kuti kodi abambo mwavala chonchi kwagwanji.

Mbewa_yaku_Dedza
Koma inu mukuchita ngati asilikali ndi angelo. Funsani aliyense amene anamwapo mowa ku Zomba kapena Mchesi mwezi ukatha. Msilikali akaledzera amafuna mkazi wa mwini, ukayankha mawa abwera ndi anzake lole yonse. Ngati aku UK akuwabweza ine nde ndikuti akuchita bwino, kwathu kuno mwini bala angayerekeze?

ExKhaki_Tidworth
@Mbewa_yaku_Dedza mwaona asilikali angati oledzera ndipo mwaona angati omwe ali kunyumba kwawo akusewera ndi ana? Oledzerayo ndi amene amaoneka basi. Ena onse simuwadziwa nkomwe kuti ndi asilikali

Mbewa_yaku_Dedza
Amene amaonekayo ndi amene anandithyola dzino mani

GogoWaSalima
Nkhani ya asilikali ndi mabala musaipeputse ana inu. Mukudziwa kuti Operation Bwezani inayambira pamowa? December 1993 ku Mzuzu asilikali anakangana ndi apayoniya pamalo omwera, apayoniya nkuombera asilikali mpaka kupha. Pasanathe masiku asilikali aku Kamuzu Barracks anali ataswa kale maofesi a MYP mu Lilongwe, apayoniya ambiri kuthawira ku Mozambique. Gulu loti dziko lonse limanjenjemera nalo linathera pomwepo. Ife tinamva mfuti tili mu Kawale ana titawabisa kunsi kwa bedi.

Kondowole
Agogo mwatitengera kutali, tachoka ku Coventry tafika ku Mzuzu opanda tikiti

GogoWaSalima
Tikiti yachani, bala ndi bala

Inki_ndi_Pepala
Agogo sanasochere kwenikweni. Ku UK komweko mbiri ya asilikali ndi ma pub ili ndi magazi. October 1974 a IRA, gulu la zida la ku Ireland lomwe limalimbana ndi ulamuliro wa Britain, anaphulitsa mabomba mma pub awiri ku Guildford chifukwa choti mmamwa asilikali, anafa asilikali anayi ndi munthu wamba mmodzi. Mwezi wotsatira anaphulitsanso ina ku Woolwich. Kwa zaka zambiri zitachitika zimenezo akuluakulu a usilikali eni ake ndi amene amaletsa anyamata kuyenda ndi yunifomu mtauni. Zinayamba kusintha cha mma 2008 boma la Gordon Brown likulimbikitsa kuti azivala poyera, nkubwera Armed Forces Day mu 2009. Nde pali eni ma pub akale amene lamulo loti yunifomu ayi anakula nalo, sanaliyambe dzulo chifukwa cha Iraq kapena chifukwa choopa Asilamu mmene ma komenti amanenera.

ExKhaki_Tidworth
Apa ndivomereze. Ndipo chinthu chomwe manyuzipepala sanena: malamulo athu omwe salola kulowa malo ogulitsa mowa utavala yunifomu pokhapokha akuluakulu ako atavomereza, monga pa ukwati, pamaliro kapena tsiku la chikumbutso. Komanso balaki iliyonse imakhala ndi mndandanda wake wa malo oletsedwa, ukapezeka kumeneko ma RMP, apolisi a usilikali, akutola Lolemba uli kutsogolo kwa sajeni meja. Pena pub ndi balaki amachita kugwirizana kuti anyamata asamabwere kaye mpaka zinthu zizizire. Koma zanga zija zinali zosiyana, ine sindinavale yunifomu ndipo malowo sanali pamndandanda.

MlondaWaUsiku
Palinso ya chiphaso. Mnyamata wa zaka 19 nkhope yamwana, timufunsa ID chifukwa cha Challenge 25 (yofunsa ID aliyense ooneka osakwana zaka 25), iye atulutsa khadi la usilikali. Wapakhomo watsopano sanalionepo, anangophunzitsidwa pasipoti, laisensi ya galimoto ndi khadi la PASS lotsimikizira zaka. Akana. Mawa mutu wa nkhani: pub yakana hero. Chikhalirecho vuto ndi tireningi ya masiku ochepa yomwe timapatsidwa ija

Thobwa265
Liwu loti hero limenelo likangolowa pamutu wa nkhani ine ndimayamba kuwerenga kuchokera pansi kukwera mmwamba. Yankho la mwini pub limakhala ndime yomaliza nthawi zonse, kuseli kwa ma advert

Inki_ndi_Pepala
@Thobwa265 ndi mmene amapangira dala. Ndikuuzeni njira yomwe nkhani yotere imayenda. Munthu alemba dandaulo pa Facebook usiku atakwiya. Kanyuzipepala kamtauniyo kalitola. Kenako pali makampani ogulitsa nkhani amene amatola zammatauni nkukagulitsa ku manyuzipepala akuluakulu ku London. Kumeneko wolemba mutu ndi munthu wina, osati mtolankhani amene analankhula ndi anthuwo, ndipo ntchito yake ndi yoti iwe udine basi. Aimbira MP mmodzi yemwe amadziwika kuti sachedwa kupsa mtima, MP anena kuti nzochititsa manyazi asanamve mbali inayo, mutu wapezeka. Mwini pub akamaimbiridwa foni nthawi ya 4 madzulo kuti yankhani pofika 5, nkhani yalembedwa kale. Akakana kuyankha poopa kulakwitsa amalemba kuti anakana kulankhulapo, owerenga nkumati waona, olakwa ameneyo.

Chitsanzo china chopanda asilikali koma njira yomweyo: 2010 World Cup isanayambe apolisi analembera ma pub aku Croydon malangizo opewera ndewu, mwa zina kuti angathe kuletsa ma jezi a mpira. Pofika pa Facebook inali itasanduka yoti boma laletsa jezi ya England kuopa kukhumudwitsa obwera. Obwerawo ndi ife tomwe, nde ena tinatukwanidwa m'basi pa chinthu choti sichinachitike.

Nasibeko_Coventry
Apa nde mwanena. Nkhani zimenezi zikatuluka ma komenti safuna mwini pub, amafuna ife. Mwini pub mzungu, obwezedwa mzungu, koma pofika komenti ya nambala teni olakwa ndi ma immigrant

Mbewa_yaku_Dedza
Nde palibe owaletsa atolankhani amenewa? Kuno MACRA ikanatseka kale

LoyaWosamaliza
MACRA ndi ya mawailesi ndi matelefoni akulu, manyuzipepala sayang'anira. Ku UK kuli IPSO yoyang'anira manyuzipepala, yomwe inayamba 2014 kulowa mmalo mwa bungwe lakale la PCC, kafukufuku wa Leveson pa khalidwe la atolankhani atatha. Malamulo awo amanena poyera kuti mutu wa nkhani usanene zomwe mkati mwa nkhani mulibe. Ungathe kudandaula ulele. Koma chigamulo chimatenga miyezi, ndipo IPSO imayendetsedwa ndi ndalama zochokera ku manyuzipepala omwewo, nde ganizani nokha. Pofika tsiku lokonza nkhani, pub ija ma review a nyenyezi imodzi adzadza kale kuchokera kwa anthu oti sanafikeko nkomwe mtauniyo.

ExKhaki_Tidworth
Ndipo musaganize kuti ife asilikali timawakonda atolankhaniwa chifukwa amatitcha ma hero. News of the World inkadzitcha bwenzi la asilikali, 2011 kunamveka zoti manambala a foni a mabanja a asilikali ophedwa apezeka mmafayilo a kazitape wawo, Royal British Legion, bungwe lothandiza asilikali, inadula ubale nawo sabata yomweyo ndipo nyuzipepalayo inatsekedwa July yemweyo. Daily Mirror 2004 inasindikiza zithunzi zabodza za asilikali akuzunza mkaidi waku Iraq, mkonzi wake Piers Morgan anachotsedwa ntchito, koma anyamata amene anali ku Iraq nthawi imeneyo ndi amene anayenda ndi mantha pamsewu. Lero hero, mawa chilombo, kutengera chomwe chigulitse pepala. Akakhala amatikondadi bwenzi akulemba tsiku ndi tsiku za nyumba zamabanja zodontha ndi nkhungu kumakoma, kapena za ife a Commonwealth amene timalipitsidwa mapaundi oposa 2,000 munthu mmodzi kuti tikhale mdziko lomwe tinalimenyera nkhondo, mpaka anachotsa mu 2022 kwa omwe agwira zaka 6.

Inki_ndi_Pepala
Pa za Mirror ndionjezere kuti chilungamo chioneke: zithunzi zinali zabodza inde, koma Baha Mousa anafadi mmanja mwa asilikali a regiment yomweyo ku Basra mu 2003 ndipo kafukufuku wa boma anatsimikiza kuti anamenyedwa. Bodza la nyuzipepala lija linathandiza anthu ena kunena kuti zonse nzopeka.

ExKhaki_Tidworth
Sindikukana zimenezo

MaiAwiri_Luton
Zikomo nonse ndawerenga zonse ngakhale za ku Mzuzu kkk. Ndawauza alamu kuti zoterezi zimachitika apo ndi apo koma si dziko lonse, ndipo afunse amene anawatumizira kuti nkhaniyo ndi ya chaka chanji. Ayankha kuti anaitenga pa gulu la kutchalitchi, amene anaponya akuti naye anangoilandira. @ExKhaki_Tidworth ngati mungalole ndikupatseni nambala ya mnyamatayo ku inbox mumulangize za ntchitoyo, za ma pub zokha musamuphunzitse

ExKhaki_Tidworth
Tumizani mayi palibe vuto. Choyamba ayambe kuthamanga mmawa ulionse, ndipo asapereke ndalama kwa aliyense onena kuti ndi ejenti, kufunsira nkwaulele pa webusaiti ya Army

Chigumu_Glasgow
Ndafika mochedwa koma ndifunse. Inu mukuti lamulo loteteza asilikali silinadutse, nanga Armed Forces Covenant yomwe timaiona pa zikwangwani mma shopu ija ndi chani?

LoyaWosamaliza
Covenant ndi lonjezo loti msilikali ndi banja lake asavutike kupeza thandizo chifukwa cha ntchito yake. Kuyambira November 2022 makhonsolo, masukulu aboma ndi NHS (zipatala zaboma) akukakamizidwa ndi lamulo kuiganizira pa nkhani za nyumba, maphunziro ndi chipatala. Kampani wamba imasaina mwakufuna kwake, ndipo pub yomwe sinasaine palibe chomwe ungaichite. Ine maganizo anga lamulo lapadera silofunika. Mukateteza asilikali mawa apolisi abwera, kenako ma nesi, kenako oyang'anira ma parking amene amatukwanidwa kuposa onsewa.

ExKhaki_Tidworth
Wa parking sanatumizidweko ku Helmand akulu

LoyaWosamaliza
Zoona, koma khoti lidzadziwa bwanji kuti anakubwezani chifukwa cha usilikali osati chifukwa cha nsapato kapena kuchuluka kwanu? Wapakhomo angonena kuti mkati mwadzadza, mlandu wathera pomwepo

MlondaWaUsiku
kkkk loya mwaulula chinsinsi cha ntchito. @ExKhaki_Tidworth uzani ana anuwo azibwera atatu atatu motalikirana, osati khumi ndi awiri akuguba, ndipo odziwa kulankhula azikhala kutsogolo

ExKhaki_Tidworth
Timapanga kale zimenezo, vuto mumatizindikira ndi kametedwe

MlondaWaUsiku
Ndi nsapato za desert zija. Munthu wamba savala zimene zija ndi jinzi Loweruka usiku